Tsoka Libala Linzace: Phunziro la Mtsinje wa Kafue

Abale, tapenyani umo tsoka limodzi libalira linzace. M'caka ca 2024 mvula inakana, ndipo pa 29 February Mtsogoleri Hakainde Hichilema analengeza kuti cilala ndico tsoka la dziko lonse. Cimanga cinapserera pa mahekitala ngati 1 miliyoni. Koma cilala sicinathere m'munda ai. Madzi anacepa ku Itezhi-Tezhi, makina a ku Kafue Gorge ndi Kariba anafoka, magetsi nazima, masiku ena maola 20. Tsono popanda magetsi cigayo siciyenda, makina opopa madzi naleka. Ndipo tikumbuke kuti ena mwa madzi akumwa a ku Lusaka acokera kuno kwathu, pa Iolanda.

Unyolo wotere ena anayamba kale kuulondola. Kuyambira 2016 aphunzitsi a University of Zambia ndi anzao a ku Cape Town, m'nchito yochedwa FRACTAL, anakhala pansi ndi akulu a mzinda wa Lusaka kusanthula za nyengo ndi madzi. Ine ndiyesa nzeru yao inali apa: wodziwa za mitambo anamvera wosunga mipope, asananene zace.