Phunziro: Mmene filimu ya mbiri ya mayi wa zisudzo imapangidwira

Mafilimu ambiri amene mumaonera m'nyumba za vidiyo ku Golomoti kapena ku Mtakataka ndi nkhani zopeka. Filimu ya mbiri imasimba moyo wa munthu amene anakhalakodi. Wosewera ndiye munthu amene amavala moyo umenewo pamaso pa kamera. Tiyeni titsate ntchitoyi mwadongosolo.

1. Kufufuza. Olemba amawerenga manyuzipepala akale, amaona zithunzi, ndipo amacheza ndi abale a mwini mbiriyo.

2. Kusankha. Moyo wonse sungakwane m'maola awiri. Filimu ya Judy ya mu 2019, yotsogoleredwa ndi Rupert Goold, ikusimba za Judy Garland, katswiri wa zisudzo ndi kuimba wa ku America. Gawo lalikulu la filimuyi lili pa miyezi yomaliza ya moyo wake, pamene ankaimba ku London asanamwalire mu 1969 ali ndi zaka 47. Ubwana wake ukungoonekera apo ndi apo.

3. Kupeza wosewera. Apa ndi povuta zedi, chifukwa mayi wa zisudzo amakhala ndi nkhope ziwiri: ya pabwalo, yomwe anthu akuikumbukira bwino, ndi ya kunyumba, yomwe ankaibisa. Wosewera ayenera kuonetsa zonse ziwiri. Mu filimu ya Judy, wosewera Renée Zellweger anaimba yekha nyimbo za Garland, ndipo analandira mphoto ya Oscar mu 2020.

4. Malo ndi chiyankhulo. Filimu ya The Boy Who Harnessed the Wind, yosimba za William Kamkwamba, inajambulidwa ku Kasungu, kuno ku Malawi. Wosewera Chiwetel Ejiofor anaphunzira Chichewa, ndipo Lily Banda anasewera ngati mlongo wake wa William. Gule wamkulu amene akuonekamo si wachilendo kwa inu amene munaonapo zigoba za ku Chamare Museum ku Mua.

Ine mtima wanga uli pa Gertrude Kamkwatira. Mayiyu anatsogolera gulu la zisudzo la Wakhumbata mtsogoleri wake Du Chisiza Jr atamwalira mu 1999, kenako anayambitsa lake la Wanna-Do, ndipo anamwalira mu 2006. Ankalemba masewero, kuwatsogolera ndi kuseweramo yekha. Mbiri yake ndi yoyenera filimu, ndipo ambiri amene anamuona pabwalo akadali moyo.

Ntchito yanu: funsani akulu awiri amene anaonerapo masewero ake, mulembe zimene aliyense akukumbukira, kenako muonetse pamene akusiyana.