Kumvetsera Fani ya Padenga

Kwathu kwa Kapichi, m'boma la Thyolo, mwana amakula akuona minda ya tiyi, koma ndi ochepa amene amadziwa kuti ubwino wa tiyiyo umadaliranso mphepo. Ine ndidazindikira zimenezi pa tchuthi cha mu Disembala 2018, pamene ndinkathandiza amalume anga, omwe ndi makaniko pa fakitale ina ya tiyi. M'nkhani ino ndifotokoza zomwe ndidaphunzira pa kasamalidwe ka mafani a padenga.

Tsamba la tiyi likamathyoledwa limakhala ndi madzi oposa magawo 75 pa 100 alionse. Lisanagayidwe amaliyanika m'zimbiya zazitali kwa maola 12 kapena kuposerapo kuti lifote. Mafani apansi amapemerera masambawo, pomwe apadenga amatulutsa mpweya wachinyontho womwe wasonkhana m'nyumbamo. Apadengawa akafooka, chinyontho chimangozungulira momwemo. Masamba safota bwino, ena amatentha n'kufiira, ndipo tiyi wake amagulidwa motchipa kumsika wa ku Limbe. Vutoli limakula kuyambira Disembala mpaka Epulo, pamene tiyi amachuluka ndipo mpweya wakunja umakhala wonyowa kale.

Tsiku lina fani imodzi idayamba kunjenjemera mpaka malata kulira. Ine ndidathamangira kunena kuti mota yatha. Amalume sadayankhe. Adagunditsa nsonga ya sikuludiraiva pamene pali beringi, chogwirira chake n'kuika pakhutu. Beringi yabwino imalira mosalala. Yakutha imakukuta ngati muli mchenga. Iyi idali bwino. Kenaka adazimitsa magetsi, natseka switchi ndi loko, kiyi n'kuponya m'thumba. Adamanganso mapiko ndi chingwe, popeza padenga mphepo yokha imatha kuzunguza fani yozimitsa n'kudula zala za munthu.

Chomwe tidapeza chidali fumbi la tiyi lomwe lidanyowa n'kuumirira pamapiko. Fumbi lotere silimatirira mofanana, choncho phiko lina limalemera kuposa anzake ndipo fani imagwedezeka. Ikasiyidwa choncho, mabawuti amamasuka, beringi n'kuphwanyika, mota n'kupsa.

Adandisiyira ntchito yopala. Ndidapala mapiko omwe dzanja langa lidafikira, awiri akuseri ndidawasiya poganiza kuti n'zazing'ono. Titayatsa, fani idagwedezeka kuposa poyamba, ndipo pansi padali masamba odzaza zimbiya. "Mphwanga," adatero amalume, "ukapala mbali imodzi walemeretsa inzake. Kweranso." Ndidakwera mvula ikuwaza, manyazi ali tho, ndipo tidataya ola lathunthu.

Palinso vuto lina lomwe limapusitsa ngakhale odziwa ntchito. Mota za mafaniwa zimalandira magetsi pa mawaya atatu. Mukasinthanitsa awiri pobwezeretsa mota, fani imazungulira chobwerera. Phokoso limakhala lomwelo, koma mpweya ukukankhidwira m'nyumba m'malo motuluka. N'chifukwa chake amalume sakhulupirira khutu lokha. Amaonetsetsa muvi wojambulidwa pachitsulo, kapena kuyandikiza kapepala n'kuona komwe kakukokeredwa. Fyuzi ya waya mmodzi ikaduka, mota yomwe ikuyenda imapitirirabe koma ikutentha, ndipo yoima imangong'ung'udza osanyamuka. Imeneyo muizimitse msanga.

Za girizi, ambiri timaganiza kuti kuchulutsa ndiye kusamala. Girizi wochuluka amatenthetsa beringi, natulukira kunja komwe amakola fumbi. Lamba nayenso, pa mafani omwe ali naye, asathine kwambiri. Mukamudina ndi chala pakati azilowa pang'ono.

Kuona kwanga, ntchito yaikulu iyenera kugwiridwa m'miyezi ya Juni ndi Julayi, tiyi atachepa, ngakhale kuti chiperoni chimachititsa malata kuterera. Amalume ali ndi kabuku komwe amalembamo tsiku lomwe fani iliyonse idathiridwa girizi. Pa tsamba la mwezi umenewo, pafupi ndi fani yachitatu, adalembapo dzina langa ndi mawu akuti "mapiko onse."