West Nkosi, Mmisiri wa Nyimbo

Nyimbo ikamveka m'galamafoni kapena pa wailesi, anthu atchula dzina la woimba yekha. Koma nyimbo ili ngati nyumba: onse aona udzu wa padenga, osafunsa amene anadula mitengo nazika nsanamira. Mmodzi wa ozika nsanamira otere anali West Nkosi wa ku South Africa.

Iyeyu anabadwa m'chaka cha 1940 ku Nelspruit. Ali mnyamata anapita ku Pretoria, nagwira ntchito pa nyumba za Azungu. Akaweruka, iye ndi anzake anali kuimba m'misewu ndi chitoliro cha chitsulo, chotsika mtengo, cha zibowo 6. Maimbidwe awo anatchedwa kwela, ndiwo omwe aja anafika ku Malawi, nakometsedwa ndi Daniel ndi Donald Kachamba a ku Chileka.

Pambuyo pake anaphunzira kuomba lipenga lotchedwa saxophone, nalowa ntchito ku Johannesburg pa kampani ya Gallo, yopanga mbale za nyimbo. M'chaka cha 1964 mkulu wina wa kumeneko, Rupert Bopape, anasonkhanitsa anyamata aluso. Marks Mankwane anali kuimba gitala, Joseph Makwela gitala wa mawu aakulu, ndi West Nkosi lipenga lake. Gulu lawo linatchedwa Makgona Tsohle, ndiko kunena kuti okhoza zonse.

Dzinalo linawayenera, pakuti ntchito yawo inali yotere: kukhala m'chipinda chojambuliramo mawu ndi kuimbira aliyense wobwera. Lero Mahlathini, mwamuna wa mawu obangula, pamodzi ndi akazi a Mahotella Queens. Mawa ena achilendo. Woimbira wotere anali kumva nyimbo kamodzi kapena kawiri, ndipo pomwepo anayenera kuigwira, chifukwa mmodzi akaphonya, onse anali kubwereza. Malipiro ake masiku amenewo anali ochepa, ndipo kawirikawiri dzina lake silinalembedwe pa mbale.

Tsono akulu a kampani ataona kuti Nkosi ali ndi khutu lakuthwa, anamuika kukhala woyang'anira kujambula. Woyang'anirayo ndiye asankha oimba ndi nyimbo zawo. Ndiye anena pamene gitala alowe, pamene ng'oma zikhale chete, ndi pamene nyimbo ithere. Akalakwa kusankha, ndalama za kampani zitayika, ndipo oimbawo abwerera kwawo opanda kanthu.

Nzeru yake inaoneka pamene anatenga Joseph Shabalala ndi gulu lake la Ladysmith Black Mambazo. Amuna amenewa anali kuimba ndi pakamwa pokha, monga aimbira antchito a Chizulu m'zigono zawo. Munthu wa lipenga akadafuna kuthiramo lipenga lake. Nkosi sanatero, anasiya mawuwo okhaokha. Mbale yawo yoyamba, Amabutho, inatuluka m'chaka cha 1973, nigulidwa kwambiri ndithu, ndipo iye anajambula nawo mbale zina zambiri.

M'chaka cha 1986 Paul Simon wa ku America anatulutsa mbale ya Graceland, m'mene gulu la Shabalala linaimbamo, ndipo maiko akutali anayamba kufuna nyimbo za ku South Africa. Pamenepo Nkosi anajambulanso Mahlathini ndi Mahotella Queens, nayenda nawo ku Ulaya ndi ku America, ataima kumbuyo kwawo ndi lipenga ndi chitoliro chake chija.

Anavulala pa ngozi ya galimoto m'chaka cha 1998, namwalira m'mwezi wa Okutobala chaka chomwecho.