Ndime Zoyesera: Munda Unene Wokha Njala Yake

Fetereza ngwokwera mtengo, ndipo thumba lothira pamalo posafunika ndi ndalama yotaya. Komatu minda siifanana. Nthaka ya m'mapiri a ku Thambani ndi ina, ya m'madambo a pafupi ndi malire a Zobue ndi inanso.

Kale alimi a m'Malawi monse ankalangizidwa muyezo umodzi. M'nyengo ya 1995/96 Unduna wa Zamalimidwe unayesa miyezo yosiyanasiyana m'minda ya alimi yoposa 1,000, ndipo zinaoneka kuti dera lililonse lili ndi njala yakeyake. Mlimi aliyense angathe kuchita zomwezo m'munda mwake.

Kakonzedwe kake. Asankhe malo a nthaka yofanana, kutali ndi chulu ndi mthunzi wa manachesi. Adule ndime zinayi, iliyonse ya mizere 6 yotalika mamita 10. Ndime yoyamba asathiremo kanthu. Yachiwiri athire yureya yekha. Yachitatu athire fetereza wokulitsa ndi yureya. Yachinayi athire zonsezi pamodzi ndi manyowa. Mbewu ikhale imodzi, tsiku lobzala limodzi, kapaliridwe kamodzi. Apo ayi ndimezo zidzanama.

Zoyang'ana. Masamba a m'munsi akachita chikasu kuyambira kunsonga, chimanga chikusowa nayitirojeni, amene ali magawo 46 mwa 100 a yureya. Masamba a chimanga chaching'ono akafiirira ngati nthudza, chasowa fosifolasi. Mizere yoyererako pa masamba atsopano kawirikawiri isonyeza kusowa kwa zinki.

Pokolola. Atenge mizere inayi yapakati yokha, pakuti ya m'mbali imabera chakudya cha ndime yoyandikana nayo. Aumitse, atonole, ayese pa sikelo, nalembe m'kabuku. Ndime yachitatu ikaposa yachiwiri kwambiri, fetereza wokulitsa sayenera kusiyidwa. Zikalingana, njala yaikulu ya mundawo ndi nayitirojeni. Zonse zikakanika ngakhale mvula inali yabwino, nthaka ingakhale yowawasa kapena yoguga, ndipo mlangizi athandize kutumiza dothi ku Bvumbwe kapena ku Chitedze kuti likapimidwe.

Chaka chimodzi sichikwanira, chifukwa mvula imasintha. Ayese zaka ziwiri kapena zitatu asanasinthe kagulidwe kake.

Mafunso okambirana
1. Nchifukwa ninji ndime yoyamba isiyidwa yopanda kanthu?
2. Kodi mlimi wokhala ndi thumba limodzi lokha angaphunzire chiyani pa ndime yachiwiri?