Wapha ndani, waphedwa ndani?



Masabata apitawa tinalemba pa bolodi m'kalasi ya Fomu 3 chiganizo ichi: "Msodzi yamupha ng'ona." Tinafunsa kuti maliro ali kwa yani, ndipo kalasi yonse inayankha pamodzi kuti ali kwa msodzi. Kenako tinawapempha kuti achilembe m'Chingerezi. Titatolera makope, ambiri anali atalemba kuti "The fisherman killed the crocodile." Pakamwa msodzi anafa, koma papepala anadzuka n'kupha ng'ona.

Ena adabwa kuti mphunzitsi wa maphunziro a Chisilamu akufunanji m'munda wa aphunzitsi a Chichewa ndi Chingerezi. Tsikulo tinali pa phunziro la nahw, lomwe ndi malamulo a chiyankhulo cha Chiarabu, ndipo ophunzira anali kukanika kusiyanitsa wochita ndi wochitiridwa. Tinafuna tione ngati vutolo ndi la Chiarabu chokha. Si la Chiarabu chokha ayi. Mwana wa pasukulu pano amayenda ndi ziyankhulo zitatu tsiku lililonse, ambiri zinayi tikawerengera Chiyao cha kunyumba, ndipo chiyankhulo chilichonse chili ndi malo akeake omwe chimaikapo chizindikiro cha wochita. Mwana akapanda kuuzidwa malowo, amatenga chizolowezi cha chiyankhulo china n'kulowa nacho m'chinzake.

Tiyambe ndi chathu. Taonani ziganizo izi: "Ng'ona yapha msodzi." "Msodzi yamupha ng'ona." "Yamupha msodzi ng'ona." Mayina awiriwa asinthanasinthana malo, koma wakufa ndi mmodzi yemweyo. Chimene chikutiuza zoona chili kumutu kwa mneni. Ka ya- kakuloza ng'ona, dzina la m'gulu la I-, Zi-, ndipo ka -mu- kakuloza msodzi, wa m'gulu la Mu-, A-. Timawuti ndi timene aphunzitsi anu a Chichewa amatitcha agwirizanitsi. Tsopano nenani kuti "Ng'ona waipha msodzi." Ng'ona ikadali koyambirira kwa chiganizo, koma wa- watembenuza nkhani yonse: msodzi ali moyo, ndipo anthu akuthamangira kudooko kukaona ng'ona. Palibe mwana wa zaka zisanu amene angasokonezeke nazo, ngakhale sanamvepo mawu oti mwininkhani kapena pamtherankhani. Chiyao chimayendanso momwemo, ndi magulu a mayina komanso agwirizanitsi ake.

Pali malo amodzi pomwe agwirizanitsi amatisiya tokha. Mayina onse awiri akakhala a gulu limodzi, monga "Mlonda wamenya mbusa," wa- angathe kuloza aliyense wa iwo, ndiye timadalira amene watsogola. Sungani mfundo imeneyi, chifukwa chomwe ife timachita mwa apo ndi apo ndicho Chingerezi chimachita nthawi zonse.

M'Chingerezi mneni killed sasintha kaya wapha ndi msodzi kaya ndi ng'ona. Dzina lomwe laima patsogolo pa mneni ndilo mwininkhani, lomwe latsatira ndilo pamtherankhani, basi. N'chifukwa chake ophunzira athu aja analakwa. Anasunga mayina m'malo momwe anawapeza m'Chichewa, osadziwa kuti m'Chingerezi malowo ndiwo chigamulo. Palinso cholakwa china chochokera ku muzu womwewo chimene timachiona m'zimangirizo chaka ndi chaka: "My father he is coming." Mwanayu si wopusa. Akumva m'mutu mwake "Bambo anga akubwera," ndipo akufunafuna pomuika a- uja. Mukangomudula mzere wofiira, mawa abwerezanso. Mukamuuza kuti he ameneyo ndi mgwirizanitsi wa Chichewa amene wazembera m'Chingerezi, amaseka n'kusiya.

Chiarabu chimaika chizindikiro chake kumchira kwa dzina. "Qatala at-timsahu as-sayyada" ndiye kuti ng'ona yapha msodzi. Qatala ndi mneni, ndipo m'Chiarabu kawirikawiri mneni ndiye amatsegula chiganizo. Timsah ndi ng'ona, sayyad ndi msodzi. Ng'ona yathera ndi -u, damma, ndiye fa'il, wochita. Msodzi wathera ndi -a, fatha, ndiye maf'ul bihi, amene ntchito yamugwera. Tsopano musasunthe liwu ngakhale limodzi, mungosinthanitsa timizere tiwirito: "Qatala at-timsaha as-sayyadu." Msodzi wapha ng'ona. Kusinthasintha kwa mathero a mawu kotere ndiko kumatchedwa i'rab, ndipo gawo lalikulu la nahw lili pamenepa.

Apa ndi pamene ife a kuno tiyenera kuchenjera kuposa ena. Liwu lililonse la Chichewa limathera ndi lembo la liwu: a, e, i, o kapena u. Lilime lathu silikonda kuima pa lembo lopanda liwu, choncho limawonjezera lokha. Yusuf amasanduka Yusufu, Hasan amasanduka Asani, kitab imasanduka kitabu. Poitanana kumudzi palibe cholakwika. Koma m'chiganizo cha Chiarabu ka -u ka Yusufu kali ndi ntchito, ndipo nthawi zina malo omwe dzinalo laima amafuna kuti likhale Yusufa. Mwana amene amawonjezera -u kapena -i paliponse pomwe lilime lafuna kupumira akusintha galamala asakudziwa. Ena amachita zosiyana ndi zimenezi. Anaphunzira kuti poima kumapeto kwa ayah mzere wotsiriza sutchulidwa, zomwe n'zoona, ndiye ayamba kumeza mathero onse ngakhale pakati pa chiganizo. Tikamamvetsera ana akuwerenga masana ku madrasa, zolakwa ziwirizi ndi zomwe timakumana nazo kwambiri.

Vutoli si lachilendo, ndipo ndilo linabala nahw. Chisilamu chitafalikira kunja kwa dziko la Aarabu, anthu ochuluka omwe Chiarabu sichinali chiyankhulo chawo chobadwa nacho anayamba kuwerenga Qur'an, pamene zolemba za nthawi imeneyo zinalibe timizere ta fatha, kasra ndi damma. Akatswiri akale amasimba kuti Abu al-Aswad al-Du'ali wa ku Basra, yemwe anamwalira m'chaka cha 69 cha Hijra, anamva munthu akuwerenga ayah yachitatu ya Surat at-Tawbah. Liwu lotanthauza "Mtumiki wake" m'ayah imeneyi lili ndi damma, rasuluhu, ndipo likatero Mtumiki (swalla Allahu alaihi wasallam) amakhala mbali imodzi ndi Allah podzipatula kwa opembedza mafano. Wowerengayo anaika kasra, rasulihi. Kasra ameneyo anakokera liwulo pansi pa mperekezi min yemwe ali patsogolo pake, ndipo Mtumiki anawerengedwa pamodzi ndi anthu okanidwa aja. Kamzere kamodzi. Amati Abu al-Aswad anaitanitsa mlembi ndi inki ya mtundu wosiyana ndi ya malembo, namuuza kuti aziyang'ana pakamwa pake: akatsegula pakamwa aike kadontho pamwamba pa lembo, akasonkhanitsa milomo akaike patsogolo pa lembo, akatsitsa akaike pansi. Mayina omwe mumawatchula tsiku ndi tsiku akusungabe zimenezi, pakuti fatha ndi kutsegula, damma ndi kusonkhanitsa, kasra ndi kuthyola. Timizere ta maonekedwe omwe tili nawo lero tinabwera pambuyo pake, ndipo amene amatchulidwa kuti anatikonza ndi al-Khalil ibn Ahmad, wa ku Basra komweko.

Wophunzira wa al-Khalil, Sibawayh, ndiye analemba al-Kitab, buku lomwe akatswiri a nahw amalitenga ngati tsinde la maphunzirowa mpaka lero. Sibawayh anali Mperisiya. Nako kabuku kakang'ono komwe ambiri a ife tinayambira, al-Ajurrumiyyah, kanalembedwa ndi Ibn Ajurrum, wa fuko la Sanhaja, amene anamwalira ku Fes m'dziko la Morocco mu 1323. Timatchula zimenezi chifukwa cha ophunzira ena omwe amati nahw ndi ya eni chiyankhulo.

Wophunzira wina anafunsa funso labwino. Ku Chichewa anaphunzira mitundu isanu ndi itatu ya mawu: dzina, mlowam'malo, mfotokozi, mneni, muonjezi, mperekezi, mlumikizi ndi mfuwu. Ku nahw tikumuuza kuti mawu onse ndi ism, fi'l kapena harf, mitundu itatu yokha. Wolondola ndani? Onse. Ndi chimanga chomwecho choyezedwa ndi ndowa zosiyana. Ism ndi ndowa yaikulu momwe mwalowa dzina, mlowam'malo ndi mfotokozi, ndipo Aarabu sanachite zimenezi mwaulesi. Nenani "Mwana wamkulu wafika," kenako nenani "Wamkulu wafika." M'chiganizo choyamba wamkulu ndi mfotokozi, m'chachiwiri waima pa malo a dzina ndipo akugwira ntchito yake yonse. Liwu silinyamula chiphaso cha mtundu wake m'thumba. Mtundu wake umaoneka pa ntchito yomwe likugwira m'chiganizo chimene chili pamaso panu. Apa ndi pamene timasiyana maganizo ndi kaphunzitsidwe kongolowezetsa matanthauzo. Tili ndi ana omwe angakuuzeni mosajejema kuti mneni ndi chiyani, koma mukawapatsa ndime ya m'nyuzipepala kuti adule mzere pansi pa aneni, amayang'ana kudenga. Mayeso a JCE ndi MSCE amakupatsani chiganizo, ndipo Qur'an nayo imakupatsani chiganizo.

Pali msampha umodzi womwe tiyenera kuutchula, kuti wina asachoke pano akuganiza kuti damma nthawi zonse ndi wochita. "Qutila as-sayyadu" ndiye kuti msodzi waphedwa. Msodzi ali ndi damma, koma sanaphe kanthu. Wochita sanatchulidwe, ndiye msodzi wakhala pa mpando wake n'kuvala chovala chake, ndipo nahw imamutcha na'ib al-fa'il, wogwirizira malo a wochita. Chichewa chimachita chimodzimodzi. Mu "Msodzi waphedwa," wa- akuloza msodzi, ndipo ndi -edwa, msintho wochitidwa, amene akutiuza kuti ntchito yamugwera iye. Kusiyana kwake n'kwakuti ife timawonjezera kumapeto kwa mneni, pamene Chiarabu chimasintha m'kati: qatala, qutila. Zikalembedwa popanda timizere, monga momwe nyuzipepala ndi mabuku ambiri a Chiarabu amalembera, mawu awiriwa amaoneka ofanana ndendende, malembo atatu omwewo. Amene amawasiyanitsa ndi wowerenga yemwe akumvetsa chiganizo chonse. Choncho funso loyamba likhale la mneni: kodi akunena za kuchita kapena kuchitidwa? Mukayankha limeneli m'pamene muyang'ane mayina.

Kwa akuluakulu a komiti, pempho lathu ndi ili. Ana athu amathera zaka zambiri akuloweza ndi kukonza katchulidwe, ndipo ntchito imeneyi ndi yofunika, sitikuichepetsa. Koma ambiri amamaliza Fomu 4 asanauzidwepo chifukwa chomwe liwu limodzi limathera ndi -u pano ndi -a apo. Timawadzudzula akalakwa, iwo n'kukonza pongotsatira khutu, ndipo khutu limaiwala. Tikupempha phunziro limodzi la nahw pa sabata kuyambira Fomu 1, osati kudikira kuti afike Fomu 3. Silifuna mabuku okwera mtengo. Bolodi, choko cha mitundu iwiri ndi chiganizo chimodzi n'zokwanira. Takambirananso ndi aphunzitsi a Chichewa ndi Chingerezi kuti kamodzi pa mwezi tizitenga chiganizo chimodzi tonse atatu, aliyense achiphwanye m'kalasi mwake m'sabata yomweyo, kuti mwana aone yekha kuti funso ndi limodzi.

Makolo, simukufunika kudziwa Chiarabu kapena Chingerezi kuti muthandize. Madzulo mukamamvera nkhani pa wailesi, gwirani chiganizo chimodzi, mumufunse mwana kuti wachita ndani, ndipo wadziwira pati. Asangoti "zikumveka choncho." Akulozereni kaliwu kake. Mukhoza kumutembenuzira mawu, monga "Nsima aidya ana" kapena "Mbuzi chaiwomba chimphepo," muone ngati agwidwe.

Ophunzira a Fomu 3 ndi 4, ntchito yanu nayi. Tengani chiganizo chakuti "Mphunzitsi zamuluma njuchi," muchilembe m'Chingerezi, ndipo mufotokoze m'mizere iwiri chifukwa chomwe mayinawo asinthira malo. Kenako tsegulani Surat Fatir, ayah 28. Pezani mneni wotanthauza kuopa, muyang'ane mzere womwe uli kumapeto kwa dzina la Allah ndi womwe uli kumapeto kwa liwu lakuti al-'ulama, ndipo mulembe kuti fa'il ndani, maf'ul bihi ndani. Musafulumire kukhulupirira dzina lomwe latsogola. Makope tidzatolera Lolemba m'mawa, in sha Allah, ndipo a Fomu 1 ndi 2 amene akufuna kuyesa abweretsenso awo.