Digiri si kilomita: kupeza mtunda pamapu a pa kompyuta

Masiku ano tikafuna kudziwa kutalika kwa ulendo timangotsegula Google Maps, yankho n'kubwera nthawi yomweyo. Koma ife amene tikukonzekera uphunzitsi sitingakhutire ndi yankho lokha, chifukwa mwana wa m'kalasi akadzatifunsa komwe nambalayo yachokera tiyenera kudzamufotokozera. Komanso anthu amagwiritsa ntchito manambala omwewa poona kuti mudzi uli kutali bwanji ndi chipatala kapena sukulu. Nambala ikalakwika, ovutika ndi anthu oyenda pansi.

Malo aliwonse ali ndi manambala awiri

Latitude imatiuza kutalika kwa malo kuchokera pa ikweta kupita kumpoto kapena kummwera. Longitude imatiuza kutalika kwake kuchokera pa mzere wodutsa ku Greenwich, mu mzinda wa London, kupita kummawa kapena kumadzulo. Zonse ziwiri zimayezedwa m'madigiri. GPS ya m'mafoni mwathu imatsatira ndondomeko yotchedwa WGS 84, ndipo pa kompyuta malo a kummwera ndi kumadzulo amalembedwa ndi chizindikiro chochotsera. Choncho Lilongwe ali pafupifupi pa -13.98, 33.78, pamene Blantyre ali pa -15.79, 35.01.

Tiyeni tiwerengetsere

Kuzungulira dziko lapansi ndi makilomita pafupifupi 40,000. Tikagawa ndi madigiri 360, tipeza kuti digiri imodzi ya latitude ndi makilomita 111, ndipo izi sizisintha kwenikweni kulikonse. Koma longitude ndi yosiyana. Tiganizire lalanje losenda: mizere yake imatalikirana pakati, n'kumayandikana mpaka kukumana kumwamba ndi kunsi. Mizere ya longitude imachita chimodzimodzi, motero digiri yake timaipeza pochulukitsa 111 ndi cosine ya latitude. Pa ikweta ndi makilomita 111, pakati pa Lilongwe ndi Blantyre ndi 107, ku London ndi 69, ndipo pa latitude 60 yatsala theka lokha.

Pa mizinda yathu iwiri ija, latitude ikusiyana ndi madigiri 1.81, omwe ndi makilomita 201. Longitude ikusiyana ndi madigiri 1.23, omwe ndi makilomita 132. Tikagwiritsa ntchito lamulo la Pythagoras, tipeza makilomita pafupifupi 240. Umenewu ndi mtunda wolunjika monga iulukira mbalame. Wokwera basi amayenda makilomita oposa 300, chifukwa msewu umakhotakhota.

Njira imeneyi imatenga dziko ngati lathyathyathya, choncho imathandiza pa mitunda yaifupi yokha. Pa mitunda yaitali mapulogalamu ambiri amagwiritsa ntchito samu ya haversine, imene imatenga dziko ngati mpira wokhala ndi makilomita 6,371 kuchokera pakatikati kufika kunja. Popeza dziko ndi lophwatalala pang'ono kumpoto ndi kummwera kwenikweni, ofuna kulondola kwambiri amagwiritsa ntchito njira ina, monga imene Thaddeus Vincenty anafalitsa mu 1975.

Misampha inayi

Kompyuta imawerengetsa chilichonse chimene taipatsa, ngakhale cholakwika, ndipo siichenjeza. Tisamale ndi izi.

Choyamba ndi chizindikiro chochotsera. Tikachiiwala pa latitude ya Blantyre, kadontho kathu kakagwera m'dziko la Sudan.

Chachiwiri ndi kusinthanitsa manambala. Google Maps imayamba ndi latitude, koma mafayilo a GeoJSON amayamba ndi longitude. Tikasinthanitsa, Blantyre akapezeka m'nyanja ya Atlantic.

Chachitatu ndi maminiti. Digiri imodzi ili ndi maminiti 60, osati 100. Madigiri 15 ndi maminiti 47 ndi 15.78. Tikangolemba 15.47, tasochera ndi makilomita oposa 30.

Chachinayi ndi muyeso umene pulogalamu ikuyembekezera. Mu Excel, COS ndi SIN zimafuna ma radian, choncho tiyambe tasintha madigiri ndi RADIANS. Mu QGIS, mapu a EPSG:4326 amasunga malo m'madigiri, ndipo zida zina zimawerengetsa mtunda m'madigiri momwemo. Tikafuna mamita, tisinthe mapuwo akhale mu UTM. Dziko lonse la Malawi lili m'chigawo cha 36S, chimene nambala yake ndi EPSG:32736.

Pali chinthu china chimene chingatipusitse ife a kuno. Popeza tili pafupi ndi ikweta, munthu woiwala cosine apeza makilomita pafupifupi 243 m'malo mwa 240, n'kuganiza kuti njira yake ndi yolondola. Akadzaigwiritsa ntchito pa mizinda ya ku Ulaya m'pamene cholakwikacho chidzakule. Tikamaphunzitsa, tipereke zitsanzo za kuno ndi za kutali komwe kuti ana aone kusiyanako.

Tiyesere

Mzuzu ali pafupifupi pa -11.46, 34.02. Tipeze mtunda wake kuchokera ku Lilongwe ndi cholembera ndi pepala, potenga digiri ya longitude ngati makilomita 108. Kenako tiyeze mtunda womwewo pa Google Maps. Mayankho onse awiri akhale pafupi ndi makilomita 280. Akasiyana kwambiri, tibwerere ku misampha inayi ija tione umene watikola.