Diso la Malume: Zimene Ndinaphunzira Pokonza Kamera ya Zorki 4

Mawu oyamba

Kwa zaka zoposa khumi malume anga ankayenda pa njinga m'midzi ya kwathu ku Mwanza akujambula zithunzi za maukwati, ubatizo ndi ana a sukulu. Mu 2004 anasiya mwadzidzidzi. Zithunzi za ukwati wina zinatuluka za mbuu, eni ukwati anakwiya, ndipo malume anabweza ndalama zonse. Iwo anangotsimikiza kuti maso awo atha, kamera n'kuitsekera m'sutikesi. Cholinga cha nkhani ino ndi kufotokoza momwe ndinapezera kuti vuto silinali maso a malume, koma kachipangizo ka m'kamera kotchedwa rangefinder. Ndifotokoza mbiri ya kamerayi, momwe kachipangizoka kamagwirira ntchito, njira zomwe ndinatsata pokakonza, komanso zomwe ntchitoyi inandiphunzitsa pa nkhani ya chiyankhulo.

Mbiri ya kamera

Kamera ya malume ndi Zorki 4. Makamera a mtunduwu ankapangidwa pa fakitale ya KMZ mu mzinda wa Krasnogorsk, pafupi ndi Moscow, kuyambira 1956 mpaka 1973, ndipo onse pamodzi anaposa 1.7 miliyoni. M'Chirasha dzina lakuti Zorki limatanthauza wa maso akuthwa. Kholo la makamerawa ndi Leica II ya ku Germany, yomwe inatuluka mu 1932.

Nanga kamera ya ku Soviet Union inafika bwanji ku Mwanza? Boma lathu lachita malire ndi chigawo cha Tete cha ku Mozambique. Pa nthawi ya nkhondo ya pachiweniweni ya m'dzikolo, yomwe inayamba mu 1977 n'kutha mu 1992, anthu pafupifupi miliyoni imodzi anathawira kuno ku Malawi. Ena anasungidwa pa msasa wa Luwani, womwe panthawiyo unali m'boma la Mwanza, boma la Neno lisanakhazikitsidwe mu 2003. Malume anagula kamerayi mu 1991 kwa mphunzitsi wina wothawa nkhondo, yemwe anafuna ndalama zodyetsera banja lake. Choncho m'banja mwathu kamerayi si chitsulo wamba ayi. Ndalama zomwe inkabweretsa ndizo zinaphunzitsa mayi anga sekondale.

Momwe rangefinder imagwirira ntchito

Tambasulani mkono, muimike chala patsogolo pa nkhope yanu. Tsinzinani diso lamanja, kenaka lamanzere. Muona chala chikudumpha. Mukachibweretsa pafupi chimadumpha kwambiri, mukachitalikitsa chimadumpha pang'ono. Izi zili choncho chifukwa maso awiri amaona chinthu chimodzi kuchokera malo awiri osiyana.

Rangefinder imagwiritsa ntchito nzeru yomweyi poyeza mtunda. Kutsogolo kwa Zorki 4 kuli timawindo tiwiri totalikirana pafupifupi masentimita 4. Kuwala kolowera pa kawindo kakang'ono kumakhotetsedwa m'kati mwa kamera mpaka kukafika pa kagalasi kapadera komwe kamabweza gawo lina la kuwala n'kulola gawo lina kudutsa. Pamenepo kumakumana ndi kuwala kochokera pa kawindo kakakulu. Wojambula akasuzumira amaona kadontho kowala pakati, ndipo m'kadonthomo chinthu chimodzi chimaoneka pawiri.

Pamwamba pa pakamwa pomwe pamalowa lenzi pali kamkono kakang'ono kachitsulo komwe kamatsamira kumbuyo kwa lenziyo. Wojambula akamapotokola lenzi, iyo imasendera kutsogolo kapena kumbuyo, kamkono kamatsatira, ndipo chithunzi chachiwiri chija chimasuntha. Zithunzi ziwirizi zikagundana n'kukhala chimodzi, ndiye kuti lenzi yaloza pa mtunda woyenera. Apa mfundo yofunika ndi yakuti wojambula sayang'ana kudzera mu lenzi. Amakhulupirira zomwe rangefinder ikumuuza. Ikasokonekera, iye amaona zonse zili bwino pomwe filimu ikulandira chithunzi cha mbuu.

Kufufuza vuto

Pa tchuthi cha mu 2024 ndinapempha malume kuti anditsegulire sutikesi ija. Anandiyang'ana n'kunena kuti, "Mphwanga, kamerayo ilibe mlandu. Olakwa ndi maso angawa." Ine ndinawafunsa kuti, "Kodi malume, kamerayi inagwapo pansi?" Anakhala chete pang'ono, kenaka anakumbukira kuti sabata ya ukwati uja inagwa pa njinga potsetsereka.

Ndinapempha kuona zithunzi zomwe eni ukwati anakana. Za panja zinali bwino, koma za m'tchalitchi zinali za mbuu. Kusiyana kumeneku kuli ndi chifukwa. Panja pa dzuwa wojambula amachepetsa chibowo cholowera kuwala. Pa lenzi ya mamilimita 50 ngati Jupiter-8 ya malume, mukaika pa f/11 n'kuloza mamita 3, chilichonse kuyambira mamita 2 ndi pang'ono mpaka pafupifupi mamita 5 chimaoneka bwino. M'nyumba ya mdima mumatsegula mpaka f/2, ndipo malo ooneka bwino sakwana ndi theka la mita lomwe. Ndiye kuti panja kulakwa kwa rangefinder kunkabisika, koma m'tchalitchi kunaonekera poyera.

Pofuna kutsimikiza, ndinachotsa chitseko cha kumbuyo, chomwe pa Zorki 4 chimachoka chonse. Ndinamata kapepala kopyapyala koonekera pomwe pamagona filimu, ndinaika liwiro pa B kuti kansalu kotchinga kuwala kakhale kotsegula, n'kuloza phiri lakutali lenzi ili pa chizindikiro cha mtunda wopanda malire. Pa kapepala phirilo linaoneka bwino lomwe, kusonyeza kuti lenzi inalibe vuto. Koma nditasuzumira pa kawindo, phiri lomwelo linaoneka pawiri: chithunzi china chinali chosendera kumbali komanso chokwera pang'ono.

Kukonza

Zida zomwe ndinagwiritsa ntchito ndi timasikuludilaiva tating'ono tomwe ndinabwereka kwa mnyamata wokonza mafoni pamsika wa pa boma, thonje, timitengo totokosera mano, mafuta a mu laita ndi tepi yoyezera. Ndinayala nsalu yoyera pa tebulo kuti kasikuluwu kakagwa kasasowe.

Choyamba, ndinachotsa lenzi n'kukankha kamkono kaja ndi chala. Kankabwerera mozengereza chifukwa girizi wa zaka makumi anali atauma. Ndinanyowetsa kamtengo ndi mafuta a mu laita n'kukhudza pa mfundo yake, kadontho kamodzi basi, ndipo ndinakayendetsa kambirimbiri mpaka kanayamba kubwerera msanga. Osathira mafuta ambiri, chifukwa akafika pa magalasi a m'kati amasiya nkhungu. Ndiponso kagalasi kobweza kuwala kaja sikayenera kupukutidwa, poti utoto wake ndi wosachedwa kuchoka, ndipo ukachoka chithunzi chachiwiri chimazimirira.

Chachiwiri, ndinakonza kukwera kwa chithunzi.  M'kati mwa kawindo kakang'ono muli kagalasi kokhuthala mbali imodzi, ndipo mukakazungulitsa pang'ono chithunzi chachiwiri chimakwera kapena kutsika. Izi ziyenera kuyamba chifukwa kuzungulitsako kumasunthanso chithunzi cham'mbali.

Chachitatu, ndinakonza mtunda wakutali. Pafupi ndi kawindo kakakulu pali sikuluwu yomwe ndi chivindikiro chabe. Mukaichotsa mumapeza ina yaing'ono m'kati, ndipo iyi ndiyo imasuntha chithunzi kumanja kapena kumanzere. Apa ndi pomwe ndinalakwitsa. Chifukwa cha phuma ndinaizungulitsa kwambiri, ndipo zithunzi zinatalikirana kuposa kale. Malume, omwe anakhala pa mpando wa ndalema akundionerera, anangoti, "Kuona maso a nkhono n'kudekha." Ndinadikira usiku n'kugwiritsa ntchito mwezi, poti palibe chinthu china chakutali choposa pamenepo chomwe chimaoneka bwino chotere. Ndinkapotokola pang'ono zedi, n'kusuzumira, n'kupotokolanso, mpaka miyezi iwiri inasanduka umodzi. Musayerekeze kuyesera pa dzuwa: limawononga maso, komanso lenzi ingathe kuboola kansalu ka m'kamera.

Chachinayi, ndinayesa mtunda wapafupi. Ndinamata nyuzipepala pakhoma n'kuyeza mita imodzi kuchokera pomwe pamagona filimu. Zilembo zitagundana m'kadontho, chizindikiro cha pa lenzi chinali pa 1, ndipo pa kapepala koonekera zilembozo zinkawerengeka bwino. Zikanasemphana, ndikanayenera kupotoza pang'ono nsonga ya kamkono kaja n'kubwerezanso kuyesa mtunda wakutali. Mwamwayi sizinafike pamenepo.

Chenjezo lina lokhudza Zorki 4 anandiuza ndi malume omwe: osasintha liwiro musanakoke filimu, chifukwa kutero kungathe kuwononga makina a m'kati.

Phunziro pa chiyankhulo

Monga wophunzira za ziyankhulo, ndinachita chidwi ndi mawu omwe malume ankagwiritsa ntchito. Lenzi ankaitcha diso. Kugundanitsa zithunzi ziwiri ankati kukwatitsa. Kutulutsa zithunzi mu filimu tonse timati kutsuka. Palibe bungwe lomwe linakhala pansi kuwapangira mawuwa: anangotenga mawu akale n'kuwapatsa ntchito yatsopano, zomwe akatswiri a chiyankhulo amati kufutukula tanthauzo. Mawu ena monga kamera ndi filimu tinabwereka ku Chingerezi n'kuwapatsa kalembedwe ndi katchulidwe kathu. Nditawafunsa kuti rangefinder ankaitcha chiyani, anati sankadziwa n'komwe kuti ndi chinthu chapachokha chomwe chingawonongeke. Ndikuganiza kuti apa ndi pomwe panagona vuto. Chinthu chomwe munthu alibe dzina lake n'chovuta kuchikayikira, motero mlandu unagwera maso. Ine ndi malume tinagwirizana kuti tizikatcha choyezera mtunda.

Mawu otsiriza

M'mawa mwake ndinapereka kamera kwa malume. Atasuzumira anati akuonabe mwa chimbuuzi. Mtima wanga unagunda, kenaka ndinakumbukira kachitsulo kali pansi pa chobwezera filimu, komwe kamasintha kawindo kuti kagwirizane ndi mphamvu ya maso a munthu. Ndinali nditakasuntha kuti kagwirizane ndi maso anga. Atakabweza pang'onopang'ono, analoza mtengo wa manachesi wa kuseri kwa nyumba, n'kupotokola lenzi mwakachetechete. Kenaka anaitana azakhali kuti akaime pansi pa mtengowo.

Filimu yomwe tinaikamo inachokera ku Johannesburg kudzera kwa msuweni wanga woyendetsa thiraki, ndipo inabwerera komweko kukatsukidwa. Patapita miyezi iwiri zithunzi zinafika. Pa chithunzi choyamba maluwa a pa chitenje cha azakhali akuoneka limodzilimodzi. Malume anachiyang'ana nthawi yaitali, ndipo anandifunsa ngati msuweni wanga angabweretsenso filimu ina ulendo wotsatira.